Denga la galimoto yogonamo likadontha: butyl, Sikaflex, tepi kapena penti?

Madzi akayamba kudontha m'galimoto yogonamo, zija amati camper kapena motorhome, kaya m'kalavani yokoka, ambiri amathamangira ku hadiweya kukagula silikoni, n'kukwera padenga, n'kupaka paliponse pamene maso akukayikira. Mvula ziwiri zitatu zimadutsa bwinobwino. Yachinayi madzi aja abwerera, ndipo ntchito yakula kuposa kale, chifukwa pamene papita silikoni chomatira china sichigwira mpaka mutapala n'kuyeretsa.

Denga lenilenilo silibooka wamba. Madzi amalowera pamene munthu anaboola kapena kulumikiza: pa zenera la pamwamba, pa fani yotulutsa mpweya, pa eriyo, pa miyendo ya sola, pa keriyala, podutsa mawaya, ndi kunsi kwa njanji ya aluminiyamu imene imaphimba pokumana denga ndi khoma. Malo amenewa amasuntha tsiku ndi tsiku. Aluminiyamu wa mamita 6, kutentha kukakwera ndi madigiri 50 kuchokera m'bandakucha kufika masana, amatalika pafupifupi mamilimita 7. Chitsulo chimatalika theka la pamenepo, pamene pulasitiki wa fulemu ya zenera amaposa zonse ziwiri. Kenako pali kugwedezeka kwa msewu wafumbi wa mabampu. N'chifukwa chake chomatira chokhalitsa ndi chija chapanikizidwa pakati pa fulemu ndi denga, pamene dzuwa silifika. Chopakidwa pamwamba chimangochedwetsa vuto, ndipo njira iliyonse ili m'munsimu muiyese ndi mfundo imeneyi.

Musanagule kanthu

Pamene pakudontha m'kati si pamene madzi akulowera. Amatha kuyenda mita imodzi kapena iwiri motsatira mtanda wa denga kapena waya asanagwe. Pafunika anthu awiri: wina m'kati ndi tochi, atachotsa fulemu yam'kati ya zenera ndi zovindikira za magetsi, wina panja ndi payipi ya madzi oyenda pang'onopang'ono. Yambirani kunsi, pa njanji ya m'mbali, muzikwera pang'onopang'ono, malo amodzi mphindi khumi. Mukayambira pamwamba, zonse zimanyowa nthawi imodzi ndipo simudziwa chimene chalakwa. Makina opopera madzi mwamphamvu a kotsukira magalimoto alekeni, chifukwa amalowetsa madzi ngakhale pamene mvula sikanalowa. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Kufufuzaku kungadye m'mawa wonse, koma ndi kumene kumakuuzani choti mugule.

Onetsetsaninso kuti si thukuta la denga. Anthu awiri akagona m'galimoto yotseka usiku wozizira, mpweya wawo umasanduka madontho pa chitsulo chosakutidwa. Madontho otere amaoneka m'mawa ngakhale kusanagwe mvula, ndipo amakhala ponseponse. Mankhwala ake n'kutsegula podutsa mpweya.

Kamakina koyezera chinyontho m'matabwa sikadula, ndipo kamaona zimene maso saona. Amakaniki a makalavani ku Britain amawerenga chonchi: pansi pa 15 pa 100 palibe nkhawa, pakati pa 15 ndi 20 mudzayezenso, kupitirira 20 madzi ayamba kulowa, kupitirira 30 matabwa am'kati mwina ayamba kuwola. Thabwa limene likubonyoka ngati siponji mukalidina ndi chala ndi lochotsa. Kumata pamwamba pake n'kutsekera chinyontho m'kati kuti chipitirize kudya.

Chomaliza, dziwani mtundu wa denga lanu, chifukwa chomatira chabwino pa denga lina chimawononga lina. Maginito akagwira, ndi chitsulo, monga pa HiAce, Quantum, Sprinter, Transit ndi Ducato zosandutsidwa zogonamo. Akapanda kugwira ndipo denga n'lopyapyala lobonyoka msanga, ndi aluminiyamu, wofala pa makalavani akale. Losalala, losiya ufa woyera pa chala, lokhala ndi ting'alu tonga ukonde wa kangaude, ndi faiba (fibreglass). Magalimoto ogonamo ochokera ku America ambiri amakutidwa ndi labala wa EPDM kapena TPO. Chotsani fulemu yam'kati ya fani muone kansonga ka labalayo kopindikira m'kati: koyera pamwamba kakuda kunsi kawirikawiri ndi EPDM, kofanana mbali zonse ndi TPO. Pokwera, yalani bulangete kenako thabwa la plywood la mamilimita 12, kuti kulemera kwanu kusagwere pa bondo limodzi. Madenga ambiri a aluminiyamu ndi faiba sanapangidwe kuti munthu aziyendapo.

Silikoni ndi phula

Izi tithane nazo msanga. Silikoni wa m'bafa, uja wonunkha ngati vinega, akamauma amatulutsa asidi amene amadya chitsulo ndi aluminiyamu wosapakidwa penti. Akakhalitsa amamatuka m'mphepete, madzi n'kumayenda kunsi kwake pamwamba pakuoneka bwino. Choipa kwambiri n'chakuti amasiya kamafuta kosaoneka kamene penti, tepi ndi chomatira china chilichonse chimakana. Ngati alipo kale, palani ndi chopalira cha pulasitiki, pakani mankhwala ochotsera silikoni, pukutani, bwerezani.

Phula ndi tepi yake ija timamatira malata a nyumba nazonso si za pano. Dzuwa la Okutobala limazifewetsa n'kutsetsereka, kusiya mizere yakuda m'mbali mwa galimoto, ndipo pa EPDM phula limafufumitsa labala. Mvula ikakupezani pa ulendo, ndi bwino kumata tepi yolimba ya nsalu pamalo ouma ndi kufunda tenti poima, chifukwa zimenezi zimachoka osasiya vuto.

Kuzula n'kukhazikanso pa butyl

Pa zenera la pamwamba, fani, eriyo ndi njanji ya m'mbali, chilichonse chomangidwa ndi masikuluwu kapena chopanidwa ndi fulemu yam'kati, njira yoyenera ndi imeneyi. Imadya nthawi kuposa zonse, koma ndi yokhayo imene imabwezera chomatira pamene fakitale inachiika.

Butyl ndi chomatira chofewa chosauma, chonga chingamu. Amabwera ngati tepi yokulungidwa pa pepala, m'lifupi mwa mamilimita 19, 32 kapena 45, kapenanso m'chubu, monga Sikalastomer-710. Si guluu. Chogwira chinthucho ndi masikuluwu, iye ntchito yake n'kudzaza mpata ndi kumatsatira denga likamasuntha. Popeza sauma, sang'aluka, ndipo zenera likadzasweka mtsogolo mudzalizula osang'amba denga.

Tengani zenera wamba la ku Ulaya, la bowo la mamilimita 400 mbali zonse. Kuzungulira bowolo ndi mamita 1.6, ndipo fulemu ndi yokulirapo, choncho mzere umodzi umafuna pafupifupi mamita awiri a tepi. Mpukutu wa mamita asanu ukwana mizere iwiri. Masulani fulemu yam'kati, chotsani masikuluwu, lowetsani chopalira cha pulasitiki kunsi kwa fulemu yakunja muzinyamula pang'onopang'ono mozungulira. Musakanule ndi sikuludiraiva pa ngodya imodzi, pulasitiki wokalamba ndi dzuwa amathyoka ngati bisiketi. Palani chomatira chakale chonse, padenga ndi pa fulemu pomwe. Tsukani ndi sopo, umitsani, kenako pukutani ndi isopropyl alcohol, mowa wopukutira umene umauluka msanga, pa nsalu yoyera, muzitembenuza nsaluyo kuti musamangobwezera litsiro. Apa ndi pamene mungaone matabwa ozungulira bowo. Akuda onyowa asiyeni aume masiku angapo pansi pa shedi, owola asintheni.

Yalani tepi pa fulemu, iphimbe mabowo onse a masikuluwu. Musaikoke, chifukwa ikakokedwa imapyapyala ndipo pambuyo pake imabwerera n'kusiya mpata pa ngodya. Pokumana mapeto ake awiri pakhale chakumbuyo kwa galimoto, osati kutsogolo kumene mphepo imakankhira mvula, ndipo muwadine kuti akhale chinthu chimodzi. Madenga a ma van ali ndi mizere yokwera ndi yotsika ngati malata: dzazani motsikamo ndi tizidutswa ta tepi kapena fulemu yapadera yofananitsira, pakhale posalala musanayale mzere womaliza. Ambiri amalakwitsa pamenepa, ndipo madzi amalowera ndendende m'ngalande zimenezo. Kukatentha butyl amamatirira ku zala ndi ku pepala lake; ikani mpukutuwo mufiriji theka la ola, mudzaugwira bwino.

Khazikani fulemu kamodzi, osaikwekwesa. Mangani masikuluwu ndi dzanja, osati ndi drill, modumphadumpha: ili, kenako loyang'anana nalo, pang'onopang'ono mpaka butyl atayamba kutuluka mofanana mbali zonse. Mukamanga mopitirira mumafinya chomatira chonse n'kung'alula fulemu. Sikuluwu ikamangozungulira osagwira, bowo latha: khomeranimo kamtengo kolimba kopaka guluu wosalowa madzi, mubowolenso kabowo kakang'ono. Pakapita tsiku limodzi kapena awiri butyl amakhazikika, ndiye bwererani mukamangitseko pang'ono ndi kudula wotulukayo ndi pulasitiki.

Zofooka zake: m'mphepete amakola fumbi n'kuda, nyengo yotentha amapitiriza kutuluka pang'ono miyezi yoyamba, ndipo pamwamba poyera popanda chomupanikiza alibe ntchito.

Zomatira zogwira ngati guluu

Pali zinthu zimene simufuna kuzibowolera: miyendo ya sola, kabokosi kolowetsera mawaya, chigamba cha aluminiyamu pamene panali eriyo yakale. Apa ndi pa polyurethane, monga Sikaflex-221, kapena zija amati hybrid, monga Sikaflex-522. Zonse zimauma ndi chinyezi cha mumpweya n'kusanduka labala wolimba wotamuka. Kusiyana kwake kwakukulu ndi dzuwa. Polyurethane wamba akakhala poyera zaka amachita ufa ndi ting'alu, choncho akhale kunsi kwa chinthu kapena apakidwe penti. Hybrid amapirira dzuwa bwino, ndipo ndi amene mungazungulize m'mphepete mwa fulemu kapena pa mitu ya masikuluwu.

Cholakwika chofala n'kufinya mpaka chomatira chitapyapyala ngati pepala, poganiza kuti ndiye chagwira. Mphamvu yake ili m'kuchindikala: pamafunika mamilimita awiri kapena atatu kuti chizitamuka denga ndi chinthucho zikamasuntha mosiyana. Ikani tizidutswa ta labala ta mamilimita atatu tichirikize. Kwechani mbali zonse ziwiri ndi sandipepa wosalala, pukutani, pakani activator kapena primer (mankhwala oyambirira othandiza kuti chomatira chigwire) amene wopanga walemba, monga Sika Aktivator-205, mumusiye aume. Isopropyl alcohol auluke yense musanapake, ndipo musasalaze ndi sipiriti, chifukwa mowa umalepheretsa polyurethane kuuma n'kumusiya wonata. Matani masking tape mbali zonse za mzere, salazani ndi kapulasitiki, chotsani tepiyo chomatira chikadali chonyowa.

Kuchuluka kwake werengani motere: mukadula mlomo wa chubu kuti uzitulutsa mzere wa ngodya zitatu, mamilimita 8 pansi ndi 10 kutalika, chubu cha mamililita 300 chimayenda mamita asanu ndi awiri ndi kakusefukira. Chimauma kuchokera kunja kulowa m'kati, mamilimita atatu kapena anayi pa tsiku, ndiye pansi pa mwendo wa sola wotambalala pakati pamakhalabe pofewa masiku angapo. Musathamangitse galimoto mawa lake. Onaninso deti pa chubu, chifukwa zokhalitsa pa shelefu zimaumira m'kati momwemo.

Chenjezo lake n'lalikulu. Zenera lomatidwa ndi chomatira chotere silizulika popanda kucheka ndi waya, ndipo pa aluminiyamu wopyapyala denga limapindika kapena kung'ambika lisanalole. Komanso chimagwira pa penti, osati pa chitsulo chakunsi. Penti akakhala wosupuka, sola idzauluka naye pa msewu. Pa sola, sikuluwu kapena chingwe chachitsulo chothandizira n'chofunika, poganizira amene akubwera kumbuyo kwanu. Mapulasitiki a mtundu wa polypropylene (PP) ndi polyethylene (PE) samatika nacho n'komwe.

Denga la labala lili ndi zakezake

Pa EPDM ndi TPO, fulemu imakhalabe pa butyl, koma m'mphepete mwake ndi pa masikuluwu amathirapo chomatira chodziyala chokha, chodziwika kwambiri ndi cha kampani ya Dicor. Chimayenderera ngati phala n'kuphimba zonse, ndiye n'cha pamalo athyathyathya pokha. Cha m'mbali ndi mtundu wina wosayenderera. Chimang'aluka ndi nthawi, choncho muziyang'ana kawiri pa chaka. Chakale chikakhala chogwirabe, chitsukeni muthire chatsopano cha mtundu womwewo pamwamba. Petulo, palafini ndi thinala zisayandikire denga lotere.

Tepi yokhalitsa

EternaBond RoofSeal ndi anzake ndi tepi yokhala ndi chomatira chonata kwambiri kunsi ndi khungu lopirira dzuwa pamwamba, m'lifupi pafupifupi masentimita 5, 10 kapena 15. Ndi yosiyana ndi ija ya butyl yokhala ndi aluminiyamu wonyezimira pamwamba yopezeka m'mahadiweya: yotsika mtengoyo imathandiza kwa kanthawi, koma khungu lake limang'ambika nthambi ikakanda.

Pa njira zonse zomata pamwamba, imeneyi ndiyo yodalirika, makamaka pa msoko wautali wowongoka, monga pokumana denga ndi chisoti chakutsogolo, kapena pamene labala wang'ambika. Sankhani yotambalala kuti ipitirire msoko masentimita anayi kapena asanu mbali zonse. Imagwira chifukwa cha kupanikiza, choncho kusisita ndi chala sikukwanira. Yendetsanipo kagudumu kolimba mwamphamvu, makamaka m'mphepete. Dulani ngodya zake mozungulira kuti mphepo isapeze pogwira. Pozunguliza zenera yambani chidutswa chakumbuyo, kenako zam'mbali, chakutsogolo chibwere pomaliza pamwamba pa zinzake, monga mmene timasanjira malata kuti madzi azidutsa pamwamba pa msoko.

Ikangokhudza denga yagwira, simungaisunthe, choncho chotsani pepala lakunsi pang'onopang'ono mukuyala. Siikonda malo okhotakhota ndi mitu ya masikuluwu yotumphuka, pamene imachita makwinya osanduka tinjira ta madzi. Pa silikoni siigwira. Ndipo pansi pakakhala ponyowa imabisa kuwola bwino lomwe, mwini n'kumaganiza kuti zatha.

Kupaka denga lonse

Penti wotchinga madzi amagulitsidwa ngati yankho la zonse, koma ntchito yake ndi imodzi: khungu la denga likakalamba. Aluminiyamu wachita timabowo tonga ta singano, EPDM wapyapyala mpaka kuda kukuonekera, faiba wadzaza ting'alu. Msoko wosuntha penti yekha sautseka, amang'aluka pomwepo. Konzani misoko ndi mafulemu poyamba, penti abwere pambuyo.

Wa acrylic, uja wofala pa madenga a nyumba ku South Africa, ndi wotsika mtengo, amasungunuka ndi madzi asanaume, ndipo amapakikanso mosavuta, koma pamene madzi amaima amafewa n'kutumphuka. Wa polyurethane ndi wolimba koposa koma amafuna primer yoyenera. Wa silikoni amapirira madzi oima ndi dzuwa, komabe mukamupaka mwadzimanga: china chilichonse sichidzagwiranso pamenepo. Pa labala gulani wolembedwa kuti ndi wa EPDM kapena TPO.

Denga la mamita 6 kwa 2.2 ndi masikweya mita 13. Werengani pa chitini kuti lita imodzi imakwana pati, muchulukitse kawiri chifukwa mupaka kawiri, ulendo wachiwiri mopingasa woyamba. Pa misoko yalani nsalu ija amati membrane mu penti wonyowa n'kupakanso pamwamba. Musanawononge chitini chonse, pakani kachigawo kakang'ono ndi kansalu kotsala mchira panja, mudikire masiku angapo, mukoke. Penti akamatuka yense n'kusiya denga loyera, sakugwira, ndipo kutsuka kapena primer zalakwika. Woyera ndi wabwino chifukwa amachepetsa kutentha m'kati, amachepetsanso kutalika ndi kufupika kuja kumene kumathyola misoko.

Bowo lenileni

Pa chitsulo cha dzimbiri, makamaka m'ngalande za m'mbali ndi pa miyendo ya keriyala, chomatira chilichonse chimadzamatuka chifukwa dzimbiri limapitiriza kufufuma kunsi. Palani mpaka chitsulo chiwale, pakani mankhwala opha dzimbiri, kenako primer ya epoxy kapena ya zinc, penti, ndipo chomatira pomaliza. Bowo lolowa chala likufuna wowotcherera, mutachotsa kaye zokutira zam'kati kuti zisayake.

Faiba wosweka amakonzedwa ndi faiba. Kwechani motsetsereka masentimita asanu kuzungulira mng'alu, yalani nsalu ya galasi ya magalamu 450 pa sikweya mita magawo awiri kapena atatu, lililonse losiyana kukula ndi linzake, muzinyowetsa ndi resin, utomoni wamadzimadzi umene umalimba ukauma. Nsalu yotere imamwa resin wopitirira pang'ono kilogalamu imodzi pa sikweya mita. Catalyst, wolimbitsa resin, ndi 1 mpaka 2 pa 100; kukatentha ikani wochepayo ndipo sakanizani pang'onopang'ono m'kapu, chifukwa amalimba mphindi zochepa. Valani magulovesi ndi magalasi. Kunsi kukakhala thovu loyera la polystyrene, resin wa polyester amalisungunula, ndiye gwiritsani ntchito wa epoxy.

Ndiye musankhe chiti?

Funsani mafunso awiri: chinthuchi chagwidwa ndi masikuluwu kapena ayi, nanga ndidzafuna kuchichotsa tsiku lina? Chomangidwa ndi masikuluwu chimene chingadzasweke, monga zenera ndi fani, chikhale pa butyl, ndipo mukafuna zungulizani kamzere ka hybrid m'mphepete kuti fumbi ndi dzuwa zisafike. Chopanda masikuluwu chimene chidzakhalapo mpaka kale chimatidwe ndi hybrid kapena polyurethane. Msoko wautali umene kuuzula kungafune kumasula theka la galimoto, tepi yabwino ikwanira, bola kunsi kukhale kouma ndi kolimba. Penti asungidwire denga lokalamba. Kumene zinthu za mayina tatchulazi sizipezeka, musatengeke ndi dzina: werengani pa chubu ngati ndi butyl, polyurethane kapena MS polymer (ndiye hybrid uja), ndipo masitolo a magalasi a magalimoto ndi a zipangizo za maboti nthawi zambiri amakhala nazo.

Nthawi yogwirira ntchito nayo imasankha zotsatira. Ku Malawi ndi Zambia konzani mu Ogasiti kapena Seputembala, matabwa atauma ndipo chizimalupsa chisanagwe. Ku Cape Town mvula ndi ya miyezi yozizira, choncho konzani Meyi asanafike. Ku Britain dikirani masiku ouma otentha kupitirira madigiri 5, chifukwa pansi pa pamenepo zomatira zambiri siziuma bwino. Kulikonse, yambani mame atauma koma denga lisanafike potentha dzanja. Pa chitsulo chotentha chomatira chimachita khungu msanga n'kutulutsa thovu. Mukamaliza, fulemu yam'kati musaibwezere msanga. Dikirani masiku awiri kapena atatu, bwerezani kuthira madzi ndi payipi kuyambira kunsi monga poyamba, wina ali m'kati ndi tochi, ndipo lembani manambala a kamakina ka chinyontho kuti mudzayerekeze ndi a pakatha mwezi mvula ikugwa.